Manja a Anthu a ku Chidzolomondo

Chaka chimene nkhondo inatseka msewu wa ku Tete, a Zeferino Nzunga anaganiza zolowa ndale. Munthu wake anali atapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi, mawondo akulira pokwera chitunda, koma mukanawaona m'mawa akupukuta nsapato ndi kansanza konyowa mukanati akufuna upulezidenti wa dziko lonse. Chimene ankafuna chinali kampando kamodzi kokha mu asembuleya ya ku Ntengo-Wambalame, bwalo la nthumwi za anthu limene linkakumana kawiri kapena katatu pa chaka m'chipinda cha shikola chopanda mazenera.

Koma kampandoko kanali ndi nkhani. Kunali kutabwera mawu akuti mabanja onse okhala pamtunda wa Chitungwi atsike, akamange mu aludeya, mudzi wa nyumba za m'mizere umene unayalidwa m'mbali mwa msewu pafupi ndi msasa wa asilikali. Anthu a pamtunda anakana kwamtuwagalu. Akuluakulu atatopa ndi kukokanakokana anati: chabwino, sankhani deputado wanu, nthumwi yokuyankhulirani, chimene iyeyo adzanene ifenso tidzamva. A Zeferino sankafuna kutsika. Makolo awo anafika pa Chitungwi kalekale akukusa ng'ombe, anamangapo kagereja, katchalitchi ka zidina, ndipo mbatata ya kumeneko inkabereka mpaka kung'amba nthaka. Izi n'zimene ankanena pamisonkhano. Chimene sankanena n'chakuti kuseri kwa khola lawo kunagona mkazi wawo, Olinda. Ana awo awiri anali atawolokera ku Malawi nkhondo itangoyamba kununkha, ndipo iwo anatsala okha ndi ng'ombe zisanu ndi manda amodzi. Ankadziwa kuti akangotsika, pakutha pa dzinja limodzi mandawo adzasanduka thengo.

Kuvota kwa masiku amenewo kunalibe chinsinsi. Anthu ankasonkhana pabwalo dzuwa likuswa mtengo, sekeretaliyo n'kutchula dzina, ofuna munthuyo n'kukweza manja, aliyense akuona dzanja la mnzake. A Zeferino anali atawawerenga kale manjawo m'mutu mwawo kangapo konse. A pamtunda anali awo. Amenewo ngakhale mutaimika chitsa n'kuchitcha Nzunga akanachikwezera manja. A mu aludeya, pamodzi ndi anamwino, aphunzitsi ndi ena onse odya za boma, anali a Hilário, purofesolo wa pa shikolapo, mnyamata wa magalasi wokulira mumzinda. Ndipo tinene zoona, Hilárioyo sanali munthu woipa. Anali ataika m'manda ana atatu a m'kalasi mwake amene anakumana ndi anthu a mfuti panjira yotsika ku Chitungwi, ndipo kuchokera pamenepo ankafuna aliyense agone pamene asilikali angamve kukuwa kwake.

Magulu awiriwa ankalingana ngati mapasa. Otsala anali othawa nkhondo a ku Chidzolomondo, ku Macanga, amene anafika miyezi itatu m'mbuyomo mitolo ili pamutu n'kumanga zisakasa kuseri kwa msika. Amenewa ndiwo anali osadziwika mutu wake. Aludeya ankadana nayo, chifukwa kwawoko anatenthedwera mu aludeya momwemo. Tchire ankaliopa, chifukwa anali ataliyenda masabata awiri akukwirira ana m'njira. Lero amve Hilário agwedeze mitu, mawa amve a Zeferino agwedezenso mitu yomweyo. Kumene manja awo akanapendekera n'kumene mpando ukanapita.

Tsono pakati pa anthu amenewa panali abale ake a Olinda: Margarida, mng'ono wake wa bere limodzi, ndi a Januário, malume wawo, mwini mbumba. A Zeferino anamva za kufika kwawo sabata yoyamba yomwe, koma sanapondeko. Akatsika kukagula mchere ankazungulira njira ya kudambo, yamatope, kuopa kudutsa pa zisakasa zija.

Chifukwa chake n'chotere. Olinda anali Mchewa. A Zeferino, Mngoni wa ng'ombe zake, popita kukamufunsira zaka makumi atatu zapitazo anakusa ng'ombe zinayi za lobola, koma akuchikazi anangoseka, amvekere ife mwana sitisinthanitsa ndi nyama. Anawalola kumutenga chitengwa, kuti akakhale kwa mwamuna, koma ndi pangano limodzi: akadzadwala mutiuze, akadzamwalira maliro ndi athu. Olinda anadwala chifuwa m'dzinja, zaka ziwiri chisankhochi chisanafike, ndipo anangogona masiku asanu okha n'kumwalira. Msewu wa ku Furancungo, wopita kwawo kwa Olinda, unali wotcheredwa mabomba, moti panalibe munthu amene analola kunyamula uthenga, ngakhale womulonjeza thole. A Zeferino anadikira masiku atatu, thupi n'kuyamba kuvuta, ndipo anaika. Pambuyo pake analemba kalata n'kupatsira woyendetsa galimoto ina ya pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali, koma yankho silinabwere. Analibe mlandu weniweni, komabe mumtima mwawo ankadziona ngati munthu amene anaba mtembo wa eni ake.

Lamulo linali lakuti kutatsala sabata imodzi, opikisana aimirire pamaso pa anthu, ndipo aliyense wodziwa chilema chawo anene poyera. Loweruka limenelo a Zeferino anavala kazako wawo, jekete lakuda la ku gereja, nalankhula ngati munthu amene wadya tsabola.

“Abale anga, anthu si mbatata zoti muzibzala m'mizere! Munthu amakhala pomwe padagwera mchombo wake, pomwe adagona makolo ake. Mudzi si nyumba ayi, mudzi ndi mwambo. Mukataya mwambo, ngakhale akumangireni nyumba ya malata, ndinu mbuzi za m'khola la wina.”

A pamtunda anaomba m'manja mpaka zikhato kufiira. Ngakhale pakati pa a ku Chidzolomondo panamveka kung'ung'udza kovomera. A Zeferino anakhala pansi mtima uli mbee.

Hilário anaimirira, napukuta magalasi ake ndi m'mphepete mwa malaya.

“Kamarada Nzunga amayankhula bwino,” anatero. “Ine mwambo sindiudziwa kwenikweni, n'chifukwa chake ndikufuna ndifunse kuti ndiphunzire. Kodi mwambo umalola kuika mwana wa eni ake popanda uthenga? Tinene kuti inali nkhondo, está bem. Nanga eni akewo akafika pakhomo pako penipeni, mwambo umati utani? Umati uziwazemba miyezi itatu, uzidzera kudambo?”

A Zeferino anayang'ana kumene kunakhala anthu a ku Chidzolomondo, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuona Margarida. Anali atawonda, atakhala chotambalala pakati pa amayi anzake, akuthyolathyola kaudzu, maso ali pansi. Sanawanenere, sanawatsutse.

Anakwera phiri okha madzulo amenewo, anzawo a pamtunda akuyenda chapatali ngati sakuwaona. Kunyumba anapeza zonse monga anazisiyira. Chitenje chobiriwira cha Olinda chinali chikadali pachingwe cha m'chipinda pomwe mwini wake anachikoleka, lichero lake pakhoma, mitsuko yake itatu pakona, ndi kabokosi ka singano ndi ulusi pawindo la dothi. Zaka ziwiri sanasunthe kanthu. Anaphika mbatata zinayi n'kudya choimirira, kenako anapita kukhola kukakalipira ng'ombe imene sinalakwe chilichonse. Manyazi a munthu wokhala yekha amapweteka kawiri, chifukwa palibe wokuuza kuti zisiyeni bambo, mawa ndi tsiku.

M'mawa mwake, atatuluka m'mapemphero, anatsika osadzera kudambo.

“Odi kuno!”

Margarida anali akupeta madeya pakhomo pa chisakasa. Anadzutsa mutu, naika lichero pansi.

“Eee! Dzuwa latulukira kuti lero? Alamu, ndinu? Ife timayesa mudapita ku Joni kukakumba golide. Kapena njira ya kumsika idamera minga?”

“Mlamu, musandiphe ndi pakamwa. Ndabwera nditasenza manyazi anga.”

“Atuleni pompo, m'nyumba muno mulibe malo. Ndi kazako yemwe uja wa paukwati ameneyu? Adakali moyo?”

Mawu ake anali a Olinda enieni, mpaka kaseweredwe ka lilime. Panali patatha zaka ziwiri chiyambire pamene munthu anawaseka a Zeferino motero, ndipo anachita kutembenukira kumbali n'kunamizira kutsokomola kuti misozi isaoneke.

A Januário anatuluka akutsimphina, nkhalamba yaifupi ya diso limodzi loyera, nakhala pa chitini chopanda kanthu. Anaomberana m'manja, nafunsana za moyo monga achitira akuluakulu, osathamanga. Kenako a Zeferino anafotokoza zonse: chifuwa, masiku atatu aja, msewu, kalata.

“Kalata sitidailandire,” anatero a Januário. “Tidamva kwa munthu wogula fodya patapita miyezi isanu ndi umodzi. Tidalira pa mphasa yopanda mtembo. Koma nkhondo ndi nkhondo, a Nzunga, sitikuti mudamupha ndinu. Chidatiwawa n'chakuti tafika kuno tili maliseche, inu n'kumatizemba ngati tili ndi khate.”

“Ndidalakwa, apongozi. Palibe chomwe ndinganene. Ndikupempha tikonze zonse monga mwa mwambo wanu, osasiyako kanthu. Mukwere mukaone pomwe adagona, mulire, timete. Ng'ombe ilipo.”

“Liti?”

“Lachinayi lomwe lino.”

Margarida anasiya kutola timiyala m'madeya. “Bwanji Loweruka liyambe ladutsa, alamu? Maliro a zaka ziwiri sangathawe.”

“Iyayi. Anthu aone chisankho chisanafike kuti Nzunga sathawa mwambo. Kamnyamata ka magalasi kaja kasowe chonena.”

“Mwati zonse? Paja mwambo wathu uli ndi pothera pake. Ife tikameta timasudzula.”

“Ndikudziwa, mlamu, ndikudziwa.”

Sankadziwa. Kwawo kwa a Zeferino, kumene ng'ombe zinapita ukwati suthera pamanda. Apongozi amakhalabe apongozi mpaka zidzukulu. Kusudzula anali atakumvapo, koma ankakuyesa timawu tongotsekera mwambo, ngati amen wa kumapeto kwa pemphero. Akanangofunsa kuti kodi mukasudzula chimatsala n'chiyani, Margarida akanawauza. Koma munthu amene wangolalikira kumene za mwambo pamaso pa dera lonse angafunse bwanji mkazi wopeta madeya? Safunsa anadya phula. Margarida anayang'ana malume ake, ndipo nkhalambayo inangotambasula manja.

“Mwini wake wanena,” inatero.

Lachinayi kunacha ndi nkhungu yozizira yolowa m'mafupa. Anthu a ku Chidzolomondo anakwera phiri ali pamzere, okwana mwina makumi asanu ndi awiri, abale enieni ndi ena amene ubale wawo unangokumbukika atamva za ng'ombe. Atayandikira khola amayi anayamba kulira, ndipo kulirako kunali kwenikweni, chifukwa aliyense anali ndi wake amene anamusiya m'tchire osamulira. Margarida anadzigwetsa pamanda paja, akuitana mkulu wake ndi dzina la paubwana limene a Zeferino anali asanalimvepo. Atatopa anakhala tsonga n'kuyang'ana pozungulira. Panali posesedwa bwino, potchingidwa ndi miyala yoyera, popanda ngakhale kaudzu kamodzi.

“Amasesa ndani pano?”

“Ndine.”

“Tsiku lililonse?”

“Nanga ndili ndi ntchito yanji ina?”

Margarida anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Tsiku limenelo a Zeferino anakondwa, ndipo kukondwa kwake kunali kwa mwana. Bwalo limene zaka ziwiri linkangomva mapazi a munthu mmodzi linadzaza utsi, phokoso ndi ana othamangitsana. Anagwetsa ng'ombe yonenepa kuposa zonse. Anthu amene anali atatha chaka osalawa nyama anadya mpaka kumasula malamba. A Zeferino ankangoyendayenda, uku alamule nkhuni, uku afunse ngati thobwa lakwana, uku anyamule kamwana ka munthu wosamudziwa. Amayi ena ankawaitana kuti alamu, ena akamwini, ndipo dzina lililonse linkawakomera ngati uchi. Akaona manja akutambasukira nyama ankati mumtima: awa ndi anga, awanso ndi anga. Anaonetsetsanso kuti anthu awiri atatu a mu aludeya amene anakwera kudzaonerera apatsidwe nthuli zabwino, kuti akanene.

Dzuwa litapendeka anawakhazika pamphasa pakati pa bwalo. Munthu wina anawameta ndi lumo, mutu wonse mpaka mbuu, ndipo mphepo ya pa Chitungwi inawalasa pakhungu. Kenako a Januário anaimirira atanyamula mbale yadothi, m'menemo muli khobidi limodzi lakale losagulanso kanthu.

“A Nzunga,” inayamba nkhalamba ija, “mwana wathu mudamusunga bwino zaka makumi atatu. Sadabwereko kwathu ndi chilonda, sadabwereko ndi njala. Pomwe mudamugoneka taona, ndipo tathokoza. Lero tamulira, mlandu watha. Tsono ife eni mbumba takusudzulani. Chingwe chomwe chidatimanga tadula. Mukafuna kukwatira kwatirani, mukafuna kupita pitani. Inu kwa ife mulibe mangawa, ifenso kwa inu tilibe.”

Amayi analulutira. A Zeferino analandira khobidi lija ndi manja awiri, akumwetulira, diso lili kwa anthu a mu aludeya aja kuti aone ngati amva bwino.

Kumwetulirako kunatha pamene amayi anayi analowa m'nyumba, Margarida ali patsogolo. Anatuluka ndi mitsuko itatu ija. Anabwereranso n'kutuluka ndi lichero, mphasa, kabokosi ka singano, mikanda, mpaka chipande chimene chinali chitadyeka mbali imodzi. Pomaliza Margarida anatuluka akupinda chitenje chobiriwira chija.

“Izi n'za mwana wathu,” a Januário anafotokoza mofatsa, ataona nkhope yawo. “Zimabwerera ku mbumba, tikagawane.”

A Zeferino anafuna kunena kuti chitenje chokhacho mundisiyire. Koma anadziletsa. Si iwo omwe ananena kuti osasiyako kanthu? Ndipo anthu onse anali akuyang'ana. Anangogwedeza mutu wawo wometedwawo.

Alendo anatsika kusanade, chifukwa masiku amenewo palibe amene ankafuna kuti mdima umupeze panjira. Margarida anatsalira pang'ono, mtolo uli pamutu. Anagwada monga agwadira mkazi kwa bambo wachilendo.

“Tsalani bwino, a Nzunga.”

Anamva kuti sanati alamu, ndipo chinawabaya. Koma anadziuza kuti mayiyo watopa ndi kulira.

Lachisanu analitha akutola mafupa pabwalo ndi kukwirira maphulusa. M'nyumba munakula modabwitsa. Akatsokomola, khoma linkawayankha. Pamene panali mitsuko panatsala timaenje titatu tozungulira m'dothi, ndipo anapeza kuti alibe ngakhale chotungira madzi, moti anapita kukasupe ndi chitini cha mafuta. Kusungulumwa kumene anali atakuzolowera kunabweranso kwatsopano ngati Olinda wamwalira dzulo. Komabe anadzilimbitsa mtima. Mawa ndikapambana, palibe adzandichotse pano, ndipo zonsezi zidzakhala kuti zinali ndi phindu.

Loweruka pabwalo la shikola panadzaza. Asilikali anayi anaima m'makona, mfuti zili pamapewa, akuyang'ana kumapiri osati kwa anthu. A pamtunda anakhala kumanja, a mu aludeya pakati, a ku Chidzolomondo kumanzere pansi pa mitengo. Opikisana awiri aja anawakhazika pabenchi limodzi kutsogolo, moyang'anana ndi khamulo. Sekeretaliyo analankhula nthawi yaitali za umodzi ndi kukhala tcheru, Chipwitikizi chake womasulira akuchithamangira m'mbuyo, mpaka anafika pa nkhani imene anthu anadzera.

“Ofuna kamarada Zeferino Nzunga, manja m'mwamba!”

Kumanja konse kunaimika manja nthawi imodzi, ena mpaka awiri, owerenga n'kumawakalipira. Pakati panalibe, monga ankayembekezera. A Zeferino anatembenuzira maso kumanzere. Kunakwera dzanja limodzi, la nkhalamba ina yosamva bwino. Kenako lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Anadikira. Anaganiza kuti mwina womasulira sanamveke, mwina akuyembekeza kuti mwini mbumba ayambe. A Januário anali atagwira ndodo yawo ndi manja onse awiri, chibwano atachitsamiritsa pamwamba pake. Margarida manja ake anali pamiyendo.

“Um, dois, três,” owerenga ankayenda m'mizere akuloza ndi zala. Sanachedwe kumanzereko.

“Ofuna kamarada Hilário!”

Pakati ponse panaimika. Kumanzere manja anayamba kukwera pang'onopang'ono, apa limodzi, apo awiri, ngati chimanga chomera mvula yoyamba itagwa, mpaka pansi pa mitengo ponse panadzaza. La Margarida linakwera mochedwa, ndipo silinafike patali, koma linawerengedwa.

Zimene zinanenedwa pambuyo pake a Zeferino sanazimve bwino. Anangozindikira Hilário atawagwira chanza.

“Palibe chidani, kamarada. Mvula isanagwe onse akhale atatsika, basi. Mlembi ayamba pompano kulemba maina a malo. Musachedwe, malo abwino ndi a kufupi ndi mjigo.”

Anthu atayamba kubalalika, a Zeferino anamupeza Margarida akumanga mwana wa mnzake kumbuyo. Anamuyandikira mokwiya.

“Mudadya ng'ombe yanga dzana lomweli.”

“Tidadya maliro a mkulu wanga, a Nzunga. Voti sitidadye.”

“Ndidakulakwirani chiyaninso? Si zonse ndidachita?”

Margarida anamaliza kumanga mfundo, nawayang'ana m'maso. Panalibe chipongwe pankhope pake, koma chisoni.

“Mudachita zonse, n'zoona. Mverani tsono. Sabata yatha, purofesolo asanakunyozeni n'komwe, ife tidakhala pansi tonse. Anthu adati purofesoloyu akunena zoona, ana athu agone pafupi ndi asilikali, tatopa n'kukwirira. Koma malume adati iyayi, winayu ndi mkamwini wathu, akusunga manda a mwana wathu, sitingamuvule pagulu. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Tidagwirizana kuti manja tikweza kwa inu, mkwiyo wathu tidzakambirana pambuyo ngati anthu a nyumba imodzi. Onse aja mudawaona pansi pa mitengo adali anu.”

A Zeferino anavula chipewa, ndipo Margarida anapitiriza.

“Ndidakuuzani kuti Loweruka liyambe ladutsa. Inu mudati Lachinayi, zonse, osasiyako kanthu. Tsono chingwe chitaduka, malume akadawauza chiyani anthu? Kuti aike ana awo pangozi chifukwa cha bambo wa pa Chitungwi yemwe sitili naye kanthu? Aliyense adakweza dzanja la mtima wake. Inenso ndili ndi zidzukulu ziwiri m'chisakasa muja.”

“Bwanji simudandiuze poyera?”

“Mlamu amauza mlamu wake kuti usandisudzule, ndikufuna ndikuvotere? Ndidanena momwe mkazi anganenere pamaso pa malume ake. Inu mudati mukudziwa.”

Kumsewu kunadutsa galimoto ya asilikali, fumbi lake n'kuwakuta onse awiri.

“Nanga Olinda?” anafunsa a Zeferino, mawu atatsika. “Ndikatsika atsala ndi yani kumtunda kuja?”

Margarida anayang'ana kuphiri.

“Ife tamulira, tatha. Wapita kwa makolo ake, sakusowanso tsache. Inunso mwamasuka, bambo. Pitani bwino.”

Anagwada pang'ono n'kutsatira anzake.

A Zeferino anaima pamenepo nthawi yaitali, chipewa chili m'manja, dzuwa likuwawotcha pa mutu wometa. Palibe anabwera kudzawapepesa. Anzawo a pamtunda, omwe aja anakweza manja awiriawiri, anali atathamangira kale pakhonde la shikola, kumene mlembi anaika tebulo lake, ndipo ankakankhana ndi zigongono kulimbirana malo a kufupi ndi mjigo. Anawamva akukangana za amene adzayandikane ndi yani, wina akufunsa ngati ng'ombe zidzaloledwa, wina akuseka. Anayang'ana kuphiri. Chitungwi chinali pomwepo, chobiriwira, chili duu, ngati sichinamve kanthu.

Mzere utafupika anapita kukaima kumapeto kwake, chifukwa panalibenso pena poti aime. Unkayenda pang'onopang'ono. Aliyense akafika ankatchula dzina, kenako kuchuluka kwa anthu a pakhomo pake, asanu ndi awiri, khumi, asanu ndi anayi, ndipo mlembi ankapereka malo molingana ndi kukula kwa banja.

“Nome?” anafunsa mlembi osadzutsa mutu.

“Zeferino Nzunga.”

“Banja la anthu angati?”

Mlembi anagogoda tebulo ndi cholembera.

“Bambo, dzuwa likupita. Mayi alipo? Ana? Achibale ena oti mukhale nawo?”

“Mmodzi,” anatero a Zeferino.

“Mmodzi kuwonjezera pa inu?”

“Mmodzi yekha. Ineyo.”

“A okha ali ndi mzere wawo kumapeto, cha kudambo. Número quarenta e três.” Mlembi analemba nambala 43, naitana wotsatira, koma kumbuyo kwa a Zeferino kunalibe munthu.